Nsagwada ya ku Uraha

Lolemba

Ntchito yayamba! Andilemba kuti sabata ino ndiphunzitse akatswiri atatu a kafukufuku kulankhula ndi anthu wamba. Tili m'kachipinda kotentha ku Chilumba, fani sakuzungulira. Pali mayi wofufuza za usipa, mkulu wina wa za mpunga, ndi Dokotala Gondwe, amene amafukula mafupa akale ku Uraha.

Malamulo anga pa bolodi:
Chizungu chigone.
Lankhulani ngati mukuuza azakhali anu.
Nkhaniyo imukhudze womverayo pamtima.

Onse akulemba mwaulemu. Ndikudzimva kuti ndine munthu.

Lachiwiri

Mayi wa usipa wayitanidwa kumsonkhano ku Lilongwe. Wa mpunga akuti mutu ukumuwawa, koma ndamuona pamsika akusankha chitenje cha ku Tanzania. Watsala Dokotala Gondwe yekha.

Akuyeserera pamaso panga. Wanyamula nsagwada youmba ndi pulasitala, yofanizira fupa lenileni limene linapezeka ku Uraha. Mawu ake oyamba: "Pulayosini." Ine ndimayesa ndi dzina la mapiritsi. Akuti ndi nyengo yakale kwambiri. Zithunzi za miyala, mizere, miyala ina. Mlonda amene ndamupempha kuti akhale womvera wapempha kubwerera kugeti.

Munthuyu ntchito yake amaikonda, zikuonekeratu. Kungoti palibe akumumva.

Lachitatu

Ndapeza mankhwala ake! Ndikumuuza kuti asiye mayina aatali aja, azingoti "agogo athu".

Akukana. "Aphunzitsi, si agogo enieni. Papita zaka mamiliyoni. Mwinanso ndi nthambi ina ya mtunduwo."

Ndikumuyankha kuti "mwina" sadzaza holo. Tikukangana mpaka tiyi wazizira. Pomaliza wavomera, nkhope ili gwa ngati wameza njere ya mango.

Lachinayi

Kuyesa koyamba, pasukulu ya pulayimale ku Mwenilondo. Zatheka! "Awa ndi agogo athu tonse," akutero Dokotala, ana n'kuwomba m'manja. Aliyense akufuna kugwira mano a agogo. Ahedi andigwira chanza ndi manja awiri.

M'galimoto Dokotala akuyang'ana kunja. Ine ndikuyimba. Ndikumulangiza kuti mawa kwa alimi awonjezere mchere pang'ono: asati agogo athu, azinena kuti agogo anu. Ziwakhudze!

Lachisanu

Kalanga ine.

Uraha, pansi pa mtengo wa mango, alimi odzaza. Ndi anthu omwewa amene amamulola Dokotala kukumba m'mphepete mwa minda yawo. Wakweza nsagwada m'mwamba, wayang'ana ine, n'kunena monga ndinamuphunzitsira: "Agogo anu tinawapeza kuno, m'nthaka yanu yomweyi."

Anthu akuyang'anana.

Kenaka mayi wachikulire, a NyaMsiska, ayamba kulira. Wondikhala pafupi akundinong'oneza kuti agogo aamuna a mayiyu anakokoloka ndi madzi osefukira iwo ali mtsikana, ndipo mtembo sunapezeke.

Mafunso akugwa ngati matalala:
"Munafukula asekuru osatiuza?"
"Nanga thupi lonse lili kuti?"
"Mwakhala mukuyenda nawo m'chikwama?"

Dokotala wachita mantha, wathawira m'Chizungu. Ndikuyesa kulowererapo, koma Chitumbuka changa chimathera pa "yewo". A NyaMsiska atenga nsagwada ija, aikulunga m'chitenje, apita nayo kwawo. Palibe wolimba mtima kuwaletsa.

Loweruka

Tabwerera ku Uraha kukakonza zinthu. Tapeza pakhomo pa a NyaMsiska pasesedwa, achibale afika, nsalu yoyera yagulidwa kale. Akudikira mkulu wa mpingo.

Dokotala wagwada pafupi ndi mkeka wawo. Sakundiyang'ana n'komwe. Akufotokoza pang'onopang'ono m'Chitumbuka chakwawo kuti chimenechi n'choumba, fupa lenileni ndi lakale kuposa mudzi, kuposa mafuko onse, ndipo si la asekuru awo. Wakanda pang'ono ndi chikhadabo, ufa woyera wagwa.

A NyaMsiska ayang'ana ufawo nthawi yaitali. "Nanga munanenera chiyani?"

Dokotala sakunditchula. Bola akanandiloza chala! Ndayima pafupi ndi khola la mbuzi, chipewa m'manja, thukuta chuchuchu. Mwana wamwamuna wa a NyaMsiska akuti zokumba ziyambe zaima mpaka banja likambirane. Nsagwada atibwezera. Chitenje asunga.

Ulendo wonse wobwerera, m'galimoto mukungomveka gogogo wa nsagwada ija m'katoni.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi yakumbuyo. Nkhani yandipitirira kale. Mayi wina akundifunsa ngati ndine "uja wa maliro a pulasitala".

Dokotala watumiza uthenga. Lachiwiri apitanso kukakhala ndi a NyaMsiska, afotokoze zonse kuyambira pachiyambi, ngakhale zitenge masiku. Akuti ndisavutike kumuperekeza. Walemba mwaulemu kwambiri, mpaka zikupweteka.

Nawo amene anandilemba ntchito ayimba foni kuchokera ku Lilongwe, mosangalala. Akufunsa ngati anthu a ku Uraha anamva uthenga.

Ndawayankha kuti inde. Anamva liwu lililonse.