Chilombo Chovala Nsapato za Aphunzitsi

Mpaka lero ndikaona munthu akuponyera galu kamtengo, ndimayang'ana kumbali. Sekani ndithu mukamva, koma ine zinatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito.

Masiku amenewo a atsamunda, chitaganya chitangoyamba kumene, ndinali mphunzitsi pa kasukulu ka mishoni kufupi ndi Nsaru. Lamulo la mpingo linali louma: mphunzitsi akangopezeka ku gule wamkulu, ngakhale kungosuzumirako, ankamudula mumpingo, ntchito n'kuthera pomwepo.

Tsiku lina ndikupalasa njinga cha ku Namitete, ndinaona mzungu wa pa esiteti ya fodya akuponya kamtengo m'damu, galu wake n'kudumphira m'madzi kukatola. Ndinasirira zedi. Mumtima ndinati, ine ndimaphunzitsa ana a eni kuwerenga, galu mmodzi angandikanike? (Galu wanga Mungatani ankangodziwa kukumba mbewa ndi kuba mazira, koma zimenezo sindinaziganizire.)

Loweruka masana tinatsetserekera kudziwe la kudambo. Kunali zii, madzi ali phee, kamphepo kayaziyazi. Ndinaponya kamtengo.

"Mungatani, katenge!"

Galu anayang'ana kamtengo, anayang'ana ine, n'kukhala pansi kuyamba kudzikanda. Kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi.

Apa uphunzitsi unandikwera kumutu. Paja mwana akapanda kumva, umamuonetsa. Ndinavula malaya ndi thalauza, n'kuzikulunga pamodzi ndi lamba. Nsapato zanga zoyera za tenesi ndinaziika pachitsa. Ndinalowa m'madzi, kamtengo kaja ndinakaluma (inde, ndi mano anga, musandifunse zambiri). Potuluka ndinaterereka, khu! m'matope akuda bii, thupi lonse mpaka kumaso.

Podzutsa mutu ndinaona kuti phunziro lalowa. Mungatani anali ataluma mtolo wa zovala zanga, ali liwiro la kumudzi.

"Iwe! Bwera kuno, chitsiru iwe!"

Sanacheuke n'komwe.

Ndinatsala ndi nsapato zokha, ndipo ndinazivala. Matope sindinawasambe, ndinati akhale malaya. Padimba la munthu wina ndinathothola masamba ouma a nthochi n'kudzimanga m'chiuno. Ndiye manyazi anandipatsa nzeru yopusa kuposa zonse: ndinatenganso masamba ena n'kudziphimba kumaso kuti anthu asandizindikire. Ndinayamba kuthamanga chowerama, masamba ali tswa tswa tswa.

Njira inkadutsa pachitsime, ndipo panali amayi.

"Mayo ine! Chilombo! Chilombo!"

Mitsuko phwa! Onse balala, kupatula a Nabanda, otsogolera nyimbo kutchalitchi kwathu. Iwo anagwa chagada, maso n'kufikira pa mapazi anga. M'dera lonselo wa nsapato zoyera ndinali ine ndekha.

"Kodi... aphunzitsi?"

Lolemba ndinaitanidwa pamaso pa akulu a mpingo. Mantha ndinali nawo, sindinama. Ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane, koma palibe anakhulupirira.

"Munthu wophunzira ngati inu, kuluma kamtengo m'madzi kuti galu aonere?" anatero mkulu wina. "Bodza lizikhalako ndi ulemu, aphunzitsi. Inu munkachokera kudambwe."

Ndinaona ntchito ikupita. Kenaka a Zakeyo, nkhalamba imene inavina gule zaka zambiri isanabatizidwe, anakhosomola.

"A Nabanda, chilombocho chinkayenda bwanji?"

"Chowerama, bambo. Manja onse chitagwira kumbuyo, chikupunthwapunthwa."

"Aphunzitsi, tatiyendereni momwemo tione."

Ndinayenda, abale anga, kuchokera kuguwa mpaka kukhomo, manja kumbuyo. A Zakeyo anaseka mpaka misozi mbwe mbwe.

"Anzanga, gule ndinamusiya, koma tisamunyoze chotere. Munthu uyu kudambwe sangamulole ngakhale kunyamula ng'oma. Uwu ndi uchitsiru chabe, ndipo uchitsiru sitidulira munthu mumpingo, eti?"

Onse anavomera mwachangu, mwachangu kwambiri moti zinandiwawa. Koma ntchito inapulumuka.

Nanga zovala zija? Ndinazipeza pakhonde panga Loweruka lomwelo, Mungatani atazigonera, akugwedeza mchira ngati wodikira mayamiko. Kuyambira pamenepo, aliyense akakasamba kudziwe n'kuiwala kupachika zovala mumtengo, zinkafika pakhomo panga, ine n'kumayenda nazo m'makomo ndikupepesa. Ndaphunzitsa ana ambiri pamoyo wanga, ena anaiwala ngakhale kulemba dzina lawo. Amene sanaiwale phunziro langa mpaka imfa ndi galu yekhayo.