A Daka Oyenda Chafutambuyo

Mu Kitwe monse munalibe munthu woyenda chafutambuyo ngati a Absalom Daka, ojambula zithunzi aja a kuseri kwa msika wa Chisokone. Ena ankati ndi ufiti. Sunali ufiti ayi, inali lenzi, diso lija la kamera. Kamera yawo inali ndi diso limodzi losasuntha, ndiye kuti munthu akwane m'chithunzi ankabwerera m'mbuyo eni ake, nkhope ili pa kamera, matako akutsogolera. Anakhalirapo tomato wa amayi ogulitsa, analowapo kwa telala osaodira, ndipo ngalande ya pamenepo inkawadziwa ngati mwana wake.

Zaka zimenezo ufulu unali udakali wa fungo la m'sitolo, kopa, mkuwa wathu uja, akuyenda malonda, ife a mu mgodi aliyense akufuna chithunzi cha suti chotumiza kwathu kum'mawa. Ndiye kunatulukira Wesley, wojambula wa ku Kabushi, ndi lenzi yaitali ngati munsi, ati zumu. Ankangoima pamodzi n'kuipotokola, nkhope ya munthu n'kubwera yokha.

"Madala, miyendo ipumeko," anatero Wesley. "Yangayi imayenda yokha."

"Yakoyo ndi yabwino ku mpira, mwana wanga, wothamanga sungamutsate. Koma munthu woima phee, wakulakwira chiyani kuti uzimujambula uli kutsidya?"

Nkhani inakula ndi mnzanga Jairus wa ku Ndeke. Ankafuna Damaris wa ku Katete, ndipo amalume a mtsikanayo anati aone kaye nkhope pa chithunzi. Jairus anali munthu wofatsa, koma akaona kamera ankauma ngati wagwidwa akuba mbuzi ya eni. Anapita kwa Wesley, yemwe anaima kutsidya kwa msewu n'kumukoka ndi zumu. Chithunzi chinatuluka chooneka bwino, batani lililonse poyera. Ku Katete anayankha mwachidule: "Nkhope iyi ndi ya munthu womenya mkazi. Tumizani china msanga, kuno kuli mphunzitsi akuzungulirazungulira."

Ndinamukokera kwa a Daka. Iwo anayamba ndi kumuyandikira mpaka kumukonza tayi.

"Mkaziyo akudziwa kuti umaliza mkonono?"

"Sindiliza, bambo."

"Tidzamva kwa iye. Ima pomwepo."

Jairus osasekako olo pang'ono. Madala anayamba ulendo wawo uja, phazi m'mbuyo, lina m'mbuyo.

"A Daka, ngalande," ndinawachenjeza.

"Ndikuidziwa, tinakulira limodzi."

Phazi lina, phava! Munthu wamkulu wa mpingo ali khale m'matope, nsapato imodzi ikupita ndi madzi. Jairus anaphulika ndi kuseka mpaka chipewa kupendama. Kuyang'ana m'ngalandemo, kamera ili kale pa diso, youma bwinobwino. Khetche.

Mvula isanagwe Damaris anatsika basi pa Kitwe ndi sutikesi yake. Mpaka lero chithunzicho chili pa khoma pawo, ndipo akakangana Damaris amaloza pomwepo: "Ine ndinakwatiwa ndi uyu wosekayu, iwe sindikukudziwa." Za mkonono anatsimikiza m'sabata yoyamba.

Ine pambuyo pake ndinayamba kuwaonetsetsa madala aja. Ana ndi atsikana osekaseka ankawajambula osagwa. Koma kukabwera wapolisi kapena mkulu wa mpingo wouma nkhope, ankati adikire, n'kukavala buluku lakale. Nditawafunsa anati, "Iwe Manasseh, ukumbe kopa. Za ngalande zisiyire eni."

Atamwalira, lenzi ija anasiyira Wesley. Ku manda amayi Salome, akazi awo, anapempha chithunzi cha banja ndi lenzi ya malemu. Wesley anapotokola, palibe chinasuntha. Anayamba kubwerera, phazi, phazi, mpaka mpingo wonse unasiya nyimbo pakati: "Wesley, dzenje!" Amayi Salome anaseka misozi ili m'masaya, ndipo ndi mmene anatulukira pa chithunzi.

Wesley masiku ano zumu amapita nayo ku mpira kokha. Za maukwati amajambula ndi miyendo, ndipo wagwapo kale kangapo, ngakhale sanafike pa luso la mwini wake. Ngalande ija inavundikiridwa ndi simenti, ndipo kuseri kwa Chisokone kumaoneka kwa ulemu kwambiri, ngati sikwathu. Koma munthu akangokweza kamera pamenepo, amayi a tomato amakokabe mabeseni awo, kusiya njira.