Wakuba amene ndinagwira pa thandala la usipa

Anzanga, nkhani iyi ndimaikamba ndikuseka, koma tsiku limene inachitika sindinaseke ngakhale pang'ono. Ine ndine Phiri wa ku Dedza, kuno ku Chitimba ndinabwera zaka zinayi zapitazo kutsatira mkazi wanga NyaMsiska. Ndili ndi kaokala m'mbali mwa msewu, ndimagulitsa sopo, mchere, mabatire ndi tina n'tina. Mkazi wanga ndiye wa kudoko, ali ndi thandala lake loyanikapo usipa. Ine kudokoko ndinkangopondako mwa apo ndi apo, fungo lija mpaka lero limandizunguza mutu.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti zaka zonsezi dzina langa linali "mwamuna wa NyaMsiska" basi. Pamsonkhano ndikakweza dzanja ankandipatsa mpata kumapeto, anthu atayamba kale kusasa fumbi kuti azipita. Munthu mmodzi yekha amene ankandiwerengera anali a Harawa, msodzi wachikulire amene anandipatsa malo omangapo okala uja osandifunsa zambiri. Iwowo ankanditchula kuti mwana wawo, ndipo akamachokera kunyanja ankakhala pabenchi langa kumwa tiyi. Koma ine ndinkafuna kuti mudzi wonse undione ngati wa pompano, osati wobwera.

Ndiye chaka chatha umbava unakula. Injini ya boti inasowa, kenako maukonde, kenako nyale za asodzi. Apolisi anabwera nati tisankhe komiti yatsopano ya chitetezo cha m'mudzi pamodzi ndi wapampando wake. Ine mumtima ndinati mwayi wanga si umenewu? Pajatu ndinagwirapo ntchito ya ulonda ku Lilongwe, wezulo wake ndinali ndikusungabe pansi pa sutikesi. Ndinalembetsa dzina tsiku lomwelo, mkazi wanga anangondiyang'ana n'kupitiriza kusankha nyemba.

Loweruka anatiitana opikisana atatu pabwalo la mpira kuti aliyense anene maganizo ake. Anayamba a Mkandawire, mphunzitsi wopuma. Iwo anati gwero la zonse ndi mowa, malo omwera azitsekedwa msanga, ndipo amuna azilondera doko mosinthana. Analankhula bwino ndithu, kungoti Chingerezi chinachuluka, anthu ena anayamba kuodzera. Kenako anaimirira NyaGondwe, mayi wogula ndi kugulitsa nsomba, wamfupi, wosakweza mawu. Iye anati munthu wogwidwa asamenyedwe, afunsidwe kaye, ndipo ngati walakwadi akaperekedwe kupolisi ali wamphumphu. Anatinso amayi omenyedwa m'nyumba akhale ndi kokadandaula. Anakamba za mwana wa mchimwene wake ku Chiweta, amene gulu linamuthyola mwendo chifukwa cha mbuzi imene inapezeka mawa lake ili m'munda.

Apo ndinanyamuka ine, chifuwa patsogolo, wezulo ali m'khosi. Ndinati zofunsafunsazo ndi zimene zatilowetsa m'mavuto, wakuba si mlendo woti tizimufunsa kuti wadzuka bwanji, ayambe walawa kaye nkhafi yopalasira bwato kenako apolisi adzatole zotsala. Anyamata anawomba m'manja mpaka fumbi. Wapolisi amene ankayang'anira msonkhano anandikumbutsa kuti lamulo sililola zimenezo, ine n'kugwedeza mutu ngati ndamva, uku ndikutsinzinira anyamata aja. Nditaona kuti zikundikomera ndinawonjeza kuti ndili ndi umboni wa mbava ina ya pakati pathu pompano, ndipo tsiku lovota lisanafike ndiigwira ndi manja angawa. NyaGondwe anandifunsa mwaulemu kuti umboni wake ndi wotani, mwina angandithandize. Ndinamuyankha kuti mlenje saulula msampha kwa mnzake wopikisana naye. Abale, ndikanangoyankha funso limene lija!

Umboni wake unali uwu. Kawiri konse ndinapeza pa thandala la mkazi wanga pali dazi, usipa wokwana manja awiri utachotsedwa, ndipo pamalopo pali kanthambi ka masamba aawisi. Pa mathandala oyandikana nawo chimodzimodzi. Ine ndi mutu wanga wa ku Dedza ndinati amenewa ndi mankhwala, wakuba amasiya kuti eni ake asaone kanthu. Mkazi wanga sindinamuuze, ndinkati akakaulula kumjigo ulemu wanga upita kwa ena.

Kuvota kunali Lachitatu. Lolemba kutangocha ndinazemba pakhomo, n'kukabisala kuseri kwa bwato lakale lovundikira, foni n'kuzimitsa kuti ingandiulule. Maboti atafika, amayi anayanika usipa mwachangu, akulankhula motsitsa, kenako mmodzimmodzi n'kumachoka. Mkazi wanga naye ndinamuona akumanga duku n'kuthamangira kumtunda. Posakhalitsa doko lonse linali mbee, ngati Lamlungu nthawi ya tchalitchi. Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti kwagwanji, koma ine ndinati Mulungu wandikonzera bwalo. Nyerere zinkandiluma m'miyendo, ine osagwedezeka.

Ndiye anatulukira mkulu wina amene sindinamuonepo, wa imvi, atavala jekete lakuda lothetheka, beseni lili m'manja, mtolo wa tinthambi uli m'khwapa. Amafika pa thandala, kutapa manja awiri, kuthira m'beseni, kuika kanthambi, n'kupita pa lina. Osacheuka, osafulumira. Ndinati taonani kulimba mtima kwa mbava za masiku ano, mpaka kuvalira jekete. Atafika pa thandala la mkazi wanga ndinadzambatuka, wezulo pakamwa, n'kumugwira pakhosi pa jekete. Beseni linagwa, usipa mbwee mumchenga.

Mkuluyo anayesa kulankhula, anati, "Adada, tadikirani ndikuuzeni." Ine ndinati ukafotokozera kutsogolo, ndipo ndinamumanga manja ndi chingwe cha bwato lija, mfundo ya chilonda yeniyeni. Wezulo uja anadzutsa alovi awiri, anyamata ogwira ntchito m'maboti amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Nkhotakota, obwera anzanga osadziwanso kanthu. Anabwera ndi liwiro, wina nkhafi ili m'manja. Anali pabwalo Loweruka lija, mawu anga anawamva bwino. Ndisanatsegule pakamwa, nkhafi inatera paphewa pa mkuluyo, iye n'kugwada mumchenga osalira, anangotseka maso. Pabwalo mawu aja ankakoma, koma kuona munthu wa msinkhu wa bambo anga ali chogwada chifukwa cha ine, ndinachita mantha. Ndinagwira dzanja la mnyamatayo kuti asabwereze, komabe kunyada kunali kusanandithere, ndinakweza tinthambi tija m'mwamba kuti anthu amene ankatsika kumtunda aone mankhwala a mbava.

Woyamba kufika anali NyaGondwe, atamanga chitenje chakuda, maso ali ofiira. Anayang'ana tinthambi, anayang'ana mkulu uja, kenako anagwada n'kuyamba kumasula mfundo yanga. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Atamaliza anandiyang'ana nati, "A Phiri, a Harawa atisiya m'mawa uno kuchipatala. Akazi anu akuimbirani foni mpaka atopa. Awa ndi a Kondowe a ku Mlowe, mnzawo wa womwalirayo kuyambira ali ana. Akutolera ndiwo za pamaliro."

Apo m'pamene ndinamva zimene mwana aliyense wa pano amadziwa. Pa doko lathu pakagwa maliro, abanja amatuma munthu mmodzi kuti ayende m'mathandala onse, atape manja awiri paliponse osapempha, chifukwa za maliro sapempha, ndipo kanthambi amasiya kuti mwini thandala akabwera adziwe kuti nsomba zake zapita kukalira nawo. Ngati masamba aja timaika pamsewu kuti magalimoto achepetse liwiro. Maulendo awiri aja ndinapeza dazi, kunalidi maliro m'mudzi, ndipo onsewo ndinapitako, ndiwo zake ndinadya nawo, mwinanso kuwonjezera kachiwiri.

Kodi munayamba mwafunapo kuti mchenga ukumezeni? Anthu anali atazungulira, palibe wotukwana, palibe woseka. Mkazi wanga anaima kumbuyo kwa gulu atagwira pakamwa. Ine ndili chiimire, wezulo akulendewera pachifuwa, tinthambi ta maliro a munthu yekhayo amene ankanditchula mwana wake tili m'manja mwanga. Misozi inatuluka yokha, ya chisoni ndi ya manyazi pamodzi, sindinathe kusiyanitsa. Ndinagwada pamaso pa a Kondowe n'kuwapepesa. Iwo anangosisita phewa lawo nati beseni silinadzaze, anthu kusiwa akudikira, ndipo dzanja lawo silingathenso kunyamula.

Ndiye beseni ndinasenza ine. Ndinayamba ndatola usipa uja mumchenga umodziumodzi, kenako tinayenda mathandala onse otsala, ine kutapa, iwo kuika kanthambi ndi dzanja lamanzere. Tinakwera mpaka kusiwa ndili nalo pamutu, madzi a nsomba akutsikira m'kolala, ine amene ndinkati fungo la usipa limandidwalitsa. Madzulo ake ndinawaperekeza a Kondowe kuchipatala, mwamwayi fupa silinathyoke. Wapolisi uja anandiitana n'kundilankhula mawu amene sindidzawaiwala, ndipo a Kondowe akanafuna, nkhani ikanapita patali. Iwo anakana, anati abwera kudzaika mnzawo, osati kudzatsekeretsa mwana wake.

Kuvota kunasunthidwa mpaka sabata yotsatira. Mkazi wanga anandichonderera kuti ndichotse dzina, koma ine ndinati kuthawa n'kuwonjezera manyazi, ndikaime basi zione zokha. Mavotedwe ake mukuwadziwa, opikisana amaima kutsogolo atafulatira gulu, osaloledwa kucheuka, ndipo aliyense amakafola kumbuyo kwa amene akumufuna. Tinaima atatu pabwalo la mpira lija. Ndinamva mapazi ambirimbiri akudutsa, onse kulowera kumanzere kwanga kumene kunali NyaGondwe, ena ochepa kwa a Mkandawire. Kumbuyo kwanga kunali mphepo yokha. Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Ndinaganiza za basi ya ku Dedza, ndinaganiza zogulitsa okala. Ndiye ndinamva mapazi a munthu mmodzi, oyenda pang'onopang'ono, akubwera n'kuima kumsana kwanga. Ndinati mkazi ndi mkazi ndithu, wandikhululukira.

Atatiuza kuti ticheuke, mzere wa NyaGondwe unali utafika kugolo, ndipo mkazi wanga anali wachitatu pamzerewo, osandiyang'ana n'komwe. Kumbuyo kwanga kunali a Kondowe, jekete lomwe lija, dzanja lili pa nsalu yokolekera m'khosi. Wapolisi anawauza kuti iwo ndi a ku Mlowe, voti yawo siwerengedwa. Anayankha kuti akudziwa, sanabwere kudzavota. Kenako anapisa m'thumba, natulutsa kanthambi ka masamba aawisi, n'kundisomeka m'thumba la malaya.

"Kwathu kuno munthu akaferedwa sitimusiya yekha," anatero. "Phepani chomene, adada. Mpando wanu watisiya."

Bwalo lonse linaphulika, mpaka amayi kugwirana mapewa, ndipo kanali koyamba anthu kuseka chimwalirire a Harawa. Ine ndinaseka nawo misozi ikutsika, chifukwa ndinadziwa kuti munthu amene sakumufuna samuseka chonchi, amangomusiya. Zotsatira analengeza kuti a Phiri apeza mavoti ziro ndi wolira mmodzi.

NyaGondwe ndiye wapampando mpaka lero, ndipo anthu awiri amene komiti yake yagwira anafika kupolisi akuyenda ndi miyendo yawo. Dzina la "mwamuna wa NyaMsiska" linatha, tsopano kuyambira ku Chiweta mpaka ku Mlowe ndine a Kanthambi, ana akabwera pa okala amati a Kanthambi tipatseni machesi. Pakagwa maliro, abanja ena amachita kunditumira uthenga kuti beseni likundidikira, ndipo ndimapita. Wezulo uja ndinapatsa mphunzitsi wa masewero, akuimbira mpira wa atsikana. Ine ndinalumbira kuti ngakhale nditapeza munthu akutuluka ndi bedi langa pakhomo, ndiyamba ndamupatsa moni, ndifunse ngati kumudzi kuli bwino, kenako ndimugwirire mbali inayo.