Kagawo ka Mkamwini mu Memole

Ndikulumbira pali manda a malemu bambo anga ku Mposa, mphenzi indiombe ngakhale dzuwa likuswa mtengo ngati ndiwonjezerepo liwu limodzi. Wokayika akwere sitima, atsikire pa Nkaya, afunse aliyense wogulitsa nzimbe kuti anagawa memole ndi khasu ndani. Amulozera kwathu.

Mwana wathu Felesiya, amene ali ku Joni, anatitumizira kompyuta. Osati zija zamuofesi, iyayi. Kameneka ndi kabolodi kamodzi kobiriwira, kukula kwake ngati sopo wochapira amene watsala pang'ono kutha, ndipo ukakalumikiza ku batire ya sola ndi ku sikirini kamadzuka. Nzeru zake zonse zimakhala mu memole imodzi yonga chikhadabo. Ukaizula, kotsalako ndi phale basi.

Tsono memole imodzi, eni atatu. Mayi a Felesiya amatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi, ankafuna pulogalamu ya nyimbo. Alamu anga a Maliko, achimwene awo, ankafuna ya mafilimu a nkhonya. Ine ndinkangofuna ya bawo. Koma mapulogalamu amenewa ndi ansanje: ina ikamalowa imayamba yasesa inzake. Alamu anapita nayo memole ku Balaka kukaikitsa mafilimu, pobwera nyimbo zonse zapita. Mlandu unagwera yani? Ine mkamwini, wokhala kwa eni ake ku Nsamala.

“Abambo a Felesiya,” anatero mayi, “Loweruka amayi akubwera kudzaphunzira nyimbo. Akapeza nkhonya pasikirinipo, mupinde mkeka wanu. Njira ya ku Mposa mukuidziwa.”

“Koma afufuta ndi achimwene anu.”

“Achimwene anga ndiwathamangitsire kuti? Kwawo ndi konkuno.”

Mukumva? Banja la imvi, kuthera pa chikhadabo.

Ndinaganiza kuti munda ukavuta timaugawa. Loweruka m'mawa ndinatenga khasu, ndinatulutsa mpweya wonse m'mimba, ndinadzipinda ngati mpeni wa m'thumba, n'kulowera pa timizere tagolide ta kumapeto kwa memole ija, ndipo nditadzuka m'katimo ndinapeza dambo lochokera pa Nkaya mpaka kuseri kwa Machinga, lopanda chulu ngakhale chimodzi, mafilimu a alamu akungoyendayenda ngati mbuzi zosamangirira, ndipo nyimbo za kwaya sizinafe ayi, zinali zitathawira mu mlambe, zakhala panthambi, mawu atasasa ndi mantha. Mkulu wa m'filimu ya nkhonya anandiulukira ndi mateche. Ndinamugwira mwendo ali m'malere n'kumupachika pamtambo, ndipo akadali pomwepo. Mukaonera filimu imeneyo kwathu muona kuti imathera pakati.

Kenako ndinayamba kulima malire. Ndinakoka mzere wowongoka kwambiri moti sitima yochokera pa Nkaya inauyesa njanji, n'kunditsatira m'memolemo ndi mabogi ake onse, dalaivala n'kutulutsa mutu kufunsa ngati kuno ndi ku Liwonde, ine n'kumuuza kuti abwerere chafutambuyo asandipondere nandolo amene ndinali kubzala m'malire, amene anali atayamba kale kuchita maluwa kumbuyo kwanga ine ndisanamalize kukwirira kutsogolo. Mukumva?

Gawo lalikulu ndinapatsa mayi, pakuti kuno nthaka ndi ya akazi. Nyimbo zinatsika mu mlambe n'kulowamo. Lotsatira ndinapatsa alamu, amene ankakuwa ali kunja, pakamwa atagunditsa pakabowo ka memole, kuti, “Alamu, musandidyere malire!” Ine kananditsalira kagawo ka mkamwini, kam'mphepete penipeni polowera, kochepa moti bawo linakana kukwana. Ndinangoikapo kampando.

Nditatuluka ndinapeza amayi a kwaya afika kale, akhala pakhonde, ndipo mkeka wanga uli chiimire pakhomo, wopinda bwinobwino, womanga ndi luzi. Ndinabwezera memole, ndinalumikiza batire. Sikirini bii! Ndinazimitsa, ndinayatsanso. Bii! Mayi anangowonjezera chipewa changa pamwamba pa mkeka.

Ndinadzipindanso n'kulowa, ndipo ndinakapeza kakompyuta kaja kataima polowera, manja kumbuyo, kakuyang'ana munda uwu ndi uwo. Kankati kakalowa kwa mayi alamu akwiya, kakalowa kwa alamu mayi akwiya. Ndi kolemekeza, kanaleredwa bwino. Kanandiuza kuti kakhala kakuchita odi kuyambira pamene ndinayatsa, koma palibe woyankha, ndipo mlendo salowa m'mudzi wa eni popanda womulonjera. Apo m'pamene ndinagwira mthunzi wanga pakhosi, n'kuusenda kuchokera kuzidendene ngati khungwa la chinangwa, n'kuukhazika pakampando paja pa kagawo kanga, n'kuulamula kuti kompyuta ikamadzuka izifikira pamenepo, uziilonjera, uziifunsa kumene ikupita, uziilozera njira.

Nditatuluka n'kuyatsa, pasikirini panabwera mayina awiri, la mayi pamwamba, la alamu pansi. Ndinadina lapamwamba. Nyimbo zinatuluka mwamphamvu moti malata anakwera m'mwamba n'kubwerera pamisomali yake yomwe, ndipo amayi anaimba mpaka mbuzi za m'mudzi monse zinaphunzira mawu achiwiri. Mpaka lero zimalira motero.

N'chifukwa chake ine ndilibe mthunzi. Musavutike kuyang'ana pansi, lero kuli mitambo.

Alamu anayesapo kufufuta kagawo kanga kuti akuze munda wa mafilimu, ati mkamwini alibe malo. Kompyuta inagona osadzuka, nyimbo zii, nkhonya zii, mpaka anabwera okha kudzandipempha, mayi ali kumbuyo kwawo ndi mthiko. Kuyambira pamenepo aliyense akudziwa kuti pamudzi pano kanthu sikadzuka kasanadzere kwa mkamwini. Mayi anamasula mkeka wanga, anauyala, anagwada n'kundipepesa pamaso pa kwaya yonse.

Zonsezi n'zoona, sitima ndi mthunzi womwe. Zopepesazo zokha ndangopeka. Mayi a Felesiya sapepesa munthu. Mkeka anangouponya m'nyumba, ndipo luzi lija akusungabe.