Mpando wa Pepo wa Amake Tisa

Anzanga, musayang'ane zala zanga zapepozi mobisa, ndikuuzani ndekha.

Malemu mkazi wanga, amake Tisa, ankakonda mtundu wa pepo: chitenje pepo, duku pepo. Zaka zonse zimene tinakhala ku Joni ndinkamulonjeza kuti tikadzabwelela kwathu ku Nyimba ndidzamukhomela mpando ndi manja angawa. Ndinabwelela ndekha, koma lonjezo lija sindinalisiye kumanda. Ndinanyamula thabwa limene ndinagula ku Joni komweko, lochokela ku Brazil, lapepo mwachibadwa ngati maluwa a jakalanda, kuti ndikhome mpando ndikaupeleke kutchalitchi pa tsiku lomukumbukila, azikhalapo wotsogolela amai a chigwilizano.

Ukalipentala ndinauphunzila kusekondale, tsitsi lidakali lakuda. Thabwalo linali lolimba ngati mwala, sowo inatha mano, misomali inkangopindika ngati nyongolotsi, ine osagonja. Ndiye ndinagwila puleni kuti ndisalaze. Kungopala kamodzi, pepo yense zii! Pansi pake panali potuwa ngati chitseko cha khola. Ndinati iyayi, pepo weniweni ali mkati. Kupala, kupala, thukuta kamukamu, thabwa likuonda, pepo osaoneka. Ndisiye? Ine wobadwila ku Ndake? Zidutswa ndinaziponya kuseli kwa nyumba, mpando ndinaukhoma uli wotuwa choncho, tsiku lija latsala mailo, kungogona kamodzi kokha.

Apa m'pamene nzelu zinandifikila, zija zimafikila munthu wopanda mkazi womuletsa: jivi! Inde, mankhwala apepo opaka pazilonda aja. Ndinakakokolola timabotolo tonse m'sitolo ya mankhwala, wogulitsa mpaka anafunsa, "Bambo, zavulala ng'ombe zingati?" Ndinapaka mpando wonse. Kukongola kwake! Vanishi ndinati angowononga mtundu.

Tsikulo kunatentha monga kumatenthela ku Nyimba mvula isanagwe. Wotsogolela amai tsopano ndi mlamu wanga Dailesi, mng'ono wa malemu, ndipo anabwela atavala zoyela mbuu. Ndinalankhula mawu anga, misozi ili m'maso, iye nakhala pampando, anthu kuwomba m'manja. Abusa analalika, nalalikabe, thukuta likugwila ntchito yake. Dailesi ataimilila kuti ayambitse nyimbo imene mkulu wake ankaikonda, amai a kumbuyo anaimba mzele woyamba wokha, wachiwili unathela m'zitenje. Ambuye! Mpando wanga wonse unali utadindidwa kumbuyo kwa munthu, mpaka mitu ya misomali kuoneka.

"Alamu, mwandichita chiyani?" anatelo akudzipotokola kuti aone. "Ndili ndi chilonda ine?"

Anandilondola mpaka kunyumba atadzikulunga chitenje chobweleka, kuti akaone thabwa la ku Brazil lonunkha chipatala. Ndinamutengela kuseli kuti ndimuonetse mmene anandipusitsila ogulitsa. Anzanga, zidutswa zija zili ngwee padzuwa, pepo wake woposa wa jivi! Kani mtengowu ukaupala umatuwa, ukaotha dzuwa mtundu umabwelela wokha.

Dailesi anatola kachidutswa, nakatembenuza, nandiyang'ana. "Mkulu wanga anadikila mpandowu mpaka kufa. Inu kudikila mailo lokha kunakukanikani?"

Mpando ndaupalanso, uli pakhonde ukuotha dzuwa ngati nkhalamba inzanga, ndipo pepo wa amake Tisa akubwela pang'onopang'ono. Kutchalitchi ubwelela ndithu, ngakhale Dailesi wati ayambe akhalapo abusa. Koma jivi, ngakhale galu andilume, sindidzamugwilanso.