Makoma a Nyumba ya Apongozi

Lolemba
Apongozi a ku Hara, kuno ku Karonga, agamula: Loweruka ndiwaonetse pakompyuta nyumba imene akufuna kumanga. Ikawakomera, asiya kutcha ntchito yanga masewera. Ndikalephera, ndikawokera mpunga. Ine, mwana wa ku Dedza, m'matope? Nyumba ndajambula kale. Kwatsala kungoilowetsa mu pulogalamu yoti munthu aziyendamo ngati gemu. Zophweka!

Lachiwiri
Yalowa, koma makoma a kumanzere kulibe! Ukaima pabwalo ukuona bedi la apongozi, chimbudzi chili pambalambanda. Ukalowa m'kati, makoma alipo bwinobwino. Akazi anga: "Adada akaona izi, mukayankha nokha."

Lachitatu
Mfiti ndaigwira! Khoma lililonse ndi tizidutswa ta ngodya zitatu, kalikonse kali ndi kumaso ndi kumsana. Pulogalamu imaonetsa kumaso kokha. Ndikuyatsa timivi tosonyeza kumene kumaso kwaloza: pakhoma la chimbudzi taloza m'kati. Khoma lavala malaya motembenuza basi. Kwinako sindikuyang'ananso. Ndasankha nyumba yonse, tembenu! Katswiri ndine.

Lachinayi
Kumanzere kwabwera. Kumanja kwapita.
Zosowa lero:
– khitchini
– theka la denga
– ulemu wanga
Kunja kukutentha, Karonga sanyengerera. Ndili ndi mantha, ndisaname.

Lachisanu
Mfiti ija ndine ndemwe. Ulesi! Ndinajambula kumanja kokha, kumanzere ndinangokopera ngati pagalasi. Galasilo linabweza kazunguliridwe ka ngodya za tizidutswa tija, kamene pulogalamu imadziwira kumaso, ndiye kumaso kwasanduka kumsana. Ndiye dzana ndakonza theka lodwala n'kudwalitsa lamoyo. Tsopano ndikutembenuza kumanja kokha. Ndikuzungulira nyumba katatu, timivi tonse taloza kunja. Denga lilipo! Chimbudzi chabisala! Ndikuvina ndekha, aneba akusuzumira.

Loweruka
Ku Hara. Apongozi avala magalasi, agwira mausi ngati dzira. Akuzungulira nyumba, akulowa, akutuluka, akulowanso. Akugogoda sikirini ndi chala, n'kundiyamikira ine mkamwini wawo m'chiyankhulo chakwawo: "Makora, mkweni. Iyi ndi ntchito." Ntchito! Pamaso pa alamu onse! Andipatsa mpando wotsamira ndi chiganga cha nkhuku. Ndafika!

Lamlungu
Pobwera kutchalitchi, apongozi akundigwira dzanja mwachikondi. "Mkweni, munthu woona kumene kanthu kakang'ono kaloza, mizere ya mpunga sangaikhotetse. Komanso ntchito mwamaliza. Mawa mamawa, kumunda."
Ndikanalephera, matope. Ndapambana, matope.
Alamu andibwereka majombo. Onse awiri ndi a kumanzere.