Ndege yanga ya pa lichero

Nkhani iyi mkazi wanga amaikonda kukakhala alendo, ndiye kuli bwino ndiinene ndekha asanaithire mchere. Inachitikira ku Nkhamanga, ku Rumphi, kumene boma linanditumiza ngati mlangizi wa zaulimi.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Mkazi ndi ana anatsala komweko chifukwa cha sukulu, ine n'kupita ndekha ndi matiresi ndi mbaula. Anthu a kumeneko si oipa ayi, moni amapereka mwaulemu ndithu, koma akayamba kucheza m'Chitumbuka ine ndinkangoseka ena akaseka. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde kuonerera njinga zodutsa. Ndinali wosungulumwa, abale, moti ndinkalakalaka munthu wondiuza ngakhale zoti malaya anga ang'ambika.

Tsiku lina ndili pa kaunjika ku Mzuzu, pakati pa nsapato ndi zidole, ndinapeza bokosi lojambulidwa ndege yankhondo, ya mphuno yosongoka ija. M'kati munali tizidutswa ta pulasitiki totuwa, tolumikizana ngati minga ya usipa, ndi pepala la zithunzi losonyeza kamangidwe kake. Ndinagula. (Ndinadziuza kuti ndagulira mwana wanga, koma mwanayo anali ku Ntcheu, ndipo mtima unkadziwa kuti ndikunama.)

Vuto loyamba linali lakuti tizidutswato tinkagubuduka patebulo n'kusowa. Ndinapita kwa oyandikana nawo, a NyaMhango, mayi wamasiye wosaphonya kutchalitchi, kukabwereka lichero loikamo. Anandipatsa ndi manja awiri. Mawa lake ndinabwereranso kukapempha lumo lodulira tizidutswato. Anandipatsa. Kenako ndinathyola kamlongoti ka pamphuno pa ndege, ndiye ndinakapempha singano yoti ilowe m'malo mwake. Iyi anandipatsa ndi dzanja limodzi, koma ine sindinaone chachilendo. Ndinkangosangalala kuti ndapeza chifukwa chogogodera pakhomo pa munthu.

Guluu wa m'bokosimo anali atauma gwa, ndiye ndinagula wa m'kachubu uja womatira nsapato. Anamata bwino, makamaka chala changa ndi phiko lakumanzere. Utoto munalibe, ndinagula wakuda wa zikhadabo pagolosale, mwini wake akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndipo poti fumbi la kumeneko limamatirira pa utoto wauwisi, ndinayamba kumatseka zitseko ndi makatani dzuwa likuswa mtengo.

Potsiriza ndinafuna ulusi wakuda woti ndidzaipachikire kudenga. A NyaMhango anaima pakhomo pawo osandipatsa mpando.

"Adada, kasi mukuchita vichi m'nyumba umo? Masana onse zitseko zotseka."

"Ndikumanga ndege, amama," ndinatero monyadira.

"Ndege ya chiyani?"

Apa m'pamene pakamwa panga pananditsogolera kuphompho. Ndinafuna kuwaseketsa. "Basi yakwera mtengo, amama. Ndikufuna ndizikagona ku Ntcheu, m'mawa n'kumadzukira kuno."

Sanaseke. "Yewo," anatero, n'kutseka chitseko.

Inu mwaona kale kumene nkhaniyi ikupita. Mwamuna wochokera kutali, wokhala yekha, wabwereka lichero, lumo ndi singano, wapemphanso ulusi wakuda, ndipo wanena yekha kuti akumanga ndege yoyendera usiku. Akanandiuza za munthu wina, inenso ndikanaletsa ana kudutsa pakhomo pake. Koma nzeru zanga zonse zinali pa mapiko. Loweruka ndinaiyanika ndegeyo padzuwa kuseri kwa nyumba, ili pa lichero lomwelo.

Anthu anayamba kudutsa pafupipafupi. Ena ankaima pampanda n'kumasuzumira. Ine ndinkawabayibitsa ndi chimwemwe, mumtima ndikuti, ayamba kundizolowera. (Zoti kumsonkhano wa alimi benchi yakutsogolo inali yopanda munthu, ndinati ndi dzuwa.)

Lamlungu masana ndinamva "Odi!" Potsegula ndinapeza akulu a mpingo atatu, masuti ndi Mabaibulo m'khwapa, patsogolo a Gondwe, mphunzitsi wopuma pantchito. Chibwerereni ku Rumphi, amenewa anali alendo anga oyamba. Ndinawakhazika wina pampando, wina pamatiresi, wina pachidebe chovundikira, n'kuthamangira kumbaula. Ndinathira tiyi wamkaka m'makapu atatu, shuga osaumira.

"Tamva kuti muli ndi ndege," anayamba a Gondwe.

"Eya! Mwabwera kudzaiona?"

Ndinakaitenga ili pa lichero, yakuda bii, singano ikunyezimira pamphuno. Mkulu wa pachidebe uja anadzuka n'kukaima pakhomo, phazi limodzi lili kunja. A Gondwe anavala magalasi.

"Imanyamula anthu angati?"

"Mmodzi yekha. Ndi uyu, ndamulowetsa kale." Ndinaloza kamunthu ka pulasitiki kokhala pa chiwongolero.

"Ameneyu ndi mwana wa yani?"

Mkulu wa pakhomo uja anayambitsa nyimbo ya m'buku. Apo m'pamene maso anga anatseguka. Ndinakwawira kunsi kwa tebulo n'kutulutsa bokosi lija, n'kupatsa a Gondwe.

A Gondwe analitembenuza uku ndi uku, n'kuwerenga pambali pake pamene panalembedwa kuti ndi choseweretsa cha ana. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Adada, muli ndi ana?"

"Awiri, bambo."

"Basi kwanu kuli ana atatu. Winayo ndi wamkulu chomene."

Anaseka mpaka kupukuta misozi. Nyimbo inathera panjira, m'malo mwake anapemphera mwachidule kuti Ambuye andipatse chochita, n'kunyamula zipewa zawo.

"Tiyi uja, bambo. Khalani pang'ono," ndinawachonderera.

"Yewo chomene, tili ndi odwala oti tikawaone."

Anapita akusekabe mumsewu. Pofika Lolemba dera lonse linali litamva kuti mlangizi si mfiti, ndi mwana chabe, ndipo pampanda panga sipanaimenso munthu. Lichero a NyaMhango anakana kulandira, anati ndingolisunga.

Madzulo a Lamlungulo ndinakhala pachidebe chija n'kumwa makapu atatu a tiyi wozizira, imodzi imodzi. Ndimayenera kunena kuti ndinaphunzira kusamala pakamwa, ndipo mwina ndinaphunziradi. Koma chimene ndinkaganiza pomwa tiyiyo n'chakuti, ndikanadziwa kuti achoka msanga chotero, bokosi lija ndikanachedwa kulitulutsa.